Kodi Anthu Osiyana Amasanduka Liti Magulu Odana?

Zipolowe zikabuka kwinakwake, mawu oyamba kumveka pa wailesi amakhala akuti anthuwo ndi osiyana mitundu kapena zipembedzo, ndipo chidani chawo n'chakalekale. Womvera amapukusa mutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma anthu omwewo chaka chatha ankagulana malonda, ana awo ankasewera pabwalo limodzi, ndipo ena mwa iwo ndi apachibale chifukwa cha maukwati. Mtundu wawo sunasinthe usiku umodzi, chipembedzo chawonso n'chomwe chija. Nanga chasintha n'chiyani?

Kukanakhala kuti kusiyana pakokha kumabala nkhondo, bwenzi dziko la Tanzania, lomwe lili ndi mitundu ya anthu yoposa 120, lili phulusa lokhalokha. Koma chigawo chachikulu cha dzikolo, chomwe kale chinkatchedwa Tanganyika, sichinaonepo nkhondo yapachiweniweni chilandirireni ufulu mu 1961. Ku Somalia anthu ambiri amalankhula chilankhulo chimodzi ndipo ali m'chipembedzo chimodzi, komabe boma litagwa mu 1991 mafuko anatembenukirana ndi mfuti. Mu 2003 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Stanford, James Fearon ndi David Laitin, anasanthula nkhondo zapachiweniweni zomwe zinachitika pakati pa 1945 ndi 1999. Anapeza kuti ukayerekeza mayiko a chuma chofanana, kuchuluka kwa mitundu kapena zipembedzo sikuonjezera kwenikweni mpata wa nkhondo. Umphawi ndi kufooka kwa boma ndizo zinaoneka kuti zili ndi mphamvu yaikulu.

Ndiye kuti kuchoka pa kusiyana kukafika pa kudana pali mtunda, ndipo anthu amauyenda pang'onopang'ono, nthawi zambiri osadziwa kumene akulowera.

Kusiyana n'kwina, kugawikana n'kwina

Anthu amasiyana m'njira zosawerengeka. Ena ndi aatali, ena aafupi, ena amalemba ndi dzanja lamanzere, ena anakulira m'tauni, ena kumudzi. Zambiri mwa izi sizibala kanthu. Palibe dziko limene anthu amanzere anayambitsa chipani chawo kuti alimbane ndi anzawo.

Kusiyana kumakhala kugawikana pamene mzere umodzi wayamba kulamula zinthu zina zambiri pa moyo wa munthu. Ukangodziwa mbali imene iye ali, ukhoza kulosera kumene amakhala, sukulu imene anaphunzira, ntchito imene angaipeze, munthu amene angakwatirane naye, chipani chimene amavotera, ngakhale mmene wapolisi angamulankhulire akamuimitsa pamsewu. Zikatero anthu a mbali iliyonse amayamba kuona kuti tsogolo lawo ndi limodzi, ndiponso kuti kupeza bwino kwa enawo ndi kutaya kwawo. Kenaka mbali iliyonse imamanga zakezake: zipani, sukulu, nyuzipepala, mabungwe a ogwira ntchito.

Mu 1967 Seymour Martin Lipset ndi Stein Rokkan anafufuza gwero la zipani za kumadzulo kwa Ulaya. Anaona kuti zinaphuka pa mikangano inayi yakale: likulu la dziko ndi madera akutali, boma ndi mpingo, alimi ndi eni mafakitale, olemba ntchito ndi olembedwa. Chomwe chinawachititsa chidwi n'chakuti zipani za m'ma 1960 zinali zikutsatabe mizere ya m'ma 1920. Mzere ukapeza mabungwe ouyang'anira umakhalitsa kuposa mkangano umene unaubala.

Pano pakufunika chenjezo. Bata si umboni wakuti anthu ndi ogwirizana. Gulu loponderezedwa likhoza kukhala chete zaka zambiri chifukwa cha mantha, ndipo tsiku limene latsegula pakamwa ndi pamene ena amati labweretsa magawano. Kawirikawiri mng'alu umakhala ulipo kale, phokosolo limangouonetsa poyera.

Mtima wa "ife" ndi "iwo"

Henri Tajfel anali Myuda wobadwira ku Poland. Anapulumuka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ali mkaidi wa nkhondo, koma atamasulidwa anapeza kuti abale ake ambiri anaphedwa. Moyo wake wonse anafuna kudziwa chimene chimachititsa munthu kukondera gulu lake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ali ku Bristol, anatenga anyamata a sukulu n'kuwaonetsa zithunzi za akatswiri awiri ojambula, kenaka n'kuuza aliyense kuti ali m'gulu la okonda zithunzi za uyu kapena za uyo. Mnyamata sankadziwa anzake a m'gulu lake, sanakumane nawo ngati gulu, ndipo panalibe mkangano uliwonse. Atapatsidwa mpata wogawira anzawo timakobiri tochepa, popanda kudzigawira okha, anyamatawo anakondera a gulu lawo. Ambiri analolera kuti gulu lawo lipate zochepa, bola likhale pamwamba pa linalo.

Zaka zoposa 15 izi zisanachitike, mu 1954, katswiri wina, Muzafer Sherif, anatenga anyamata 22 a zaka pafupifupi 11 kupita nawo kumalo otchedwa Robbers Cave ku Oklahoma. Anawagawa m'magulu awiri n'kuwapikisanitsa pa masewera okhala ndi mphoto. Pasanapite nthawi anayamba kutukwanana, kuwotcherana mbendera ndi kuthyolerana zipinda zogona. Kuwakhazika pamodzi pa nthawi ya chakudya sikunathandize. Udani unayamba kuzilala pamene anakumana ndi mavuto oti gulu limodzi silikanawathetsa lokha: madzi atasiya kutuluka, ndiponso galimoto itakana kulira mpaka onse anaikoka ndi chingwe. Kafukufukuyu amadzudzulidwa chifukwa akuluakulu omwe ankamuyendetsa ankakolezera okha mkangano, ndipo chaka cham'mbuyo mwake, atayesa zomwezo ndi anyamata ena, anawo anakana kudana n'kuyamba kukayikira akuluakuluwo. Mfundo imeneyi ndi yofunika ngati zotsatira zenizenizo.

Chimene tikuphunzira apa n'chakuti mtima wa munthu suvuta kuugawa, ndipo mzere uliwonse ukhoza kugwira ntchitoyo. Koma izi sizitiuza chifukwa chimene dziko lina limagawikana pa chilankhulo, lina pa khungu, lina pa chipembedzo, pomwe lina lili ndi zonsezi koma anthu akumwerana madzi.

Mizere yosanjikizana ndi mizere yopingasana

Munthu aliyense ali m'magulu ambiri nthawi imodzi. Ali ndi chilankhulo, chipembedzo, dera, ntchito, msinkhu ndi kapezedwe kake. Nkhani yagona pa mmene mizere imeneyi yayalidwira. Ngati amene ukusiyana naye chipembedzo ndi mnzako wa kuntchito, ndipo amene ukusiyana naye chilankhulo mumapemphera limodzi, mizereyo yapingasana. Mdani wako pa nkhani iyi ndi bwenzi lako pa nkhani inayo, choncho sungamudule kotheratu. Koma ngati a chipembedzo china ndi omwenso ali osauka, omwenso amakhala dera lina, omwenso alibe mawu m'boma, mizere yonse yagwera malo amodzi. Zili ngati pepala: ukalipinda uku ndi uku limangochita makwinya, koma ukalipinda pamalo amodzimodzi mobwerezabwereza, tsiku lina limang'ambika pomwepo ngakhale walikoka pang'ono.

Ku Netherlands ndi ku Northern Ireland konse kuli Akatolika ndi Apulotesitanti. Ku Netherlands magulu awiriwa anakhala motalikirana kwambiri mpaka m'ma 1960, aliyense ndi sukulu zake, nyuzipepala zake, wailesi yake ndi chipani chake. Koma mbali zonse zinali ndi olemera ndi osauka, palibe mbali imene inkafuna kuchoka m'dzikolo, ndipo mu 1917 atsogoleri awo anagwirizana kuti boma lizithandiza sukulu za mipingo mofanana ndi sukulu zake. Magazi sanakhetsedwe.

Ku Northern Ireland chipembedzo chinasanjikizana ndi zina zonse. Kuyambira m'ma 1600, malo ambiri a ku Ulster, dera la kumpoto kwa chilumba cha Ireland, anaperekedwa kwa Apulotesitanti ochokera ku Scotland ndi England. Chilumba cha Ireland chitagawidwa mu 1921, Apulotesitanti ambiri ankafuna kukhalabe mbali ya United Kingdom, pomwe Akatolika ambiri ankafuna Ireland mmodzi. Chipani chimodzi cha mbali ya Apulotesitanti chinalamula zaka 50. Pa zisankho za makhonsolo ankavota ndi eni nyumba kapena olipira msonkho wa nyumba ndi akazi awo okha, choncho khonsolo ikamana banja nyumba inali italimananso voti. Mumzinda wa Derry Akatolika anali ochuluka, koma malire a madera ovotera anadulidwa mwakuti khonsolo inkakhala m'manja mwa mbali inayo. M'ma 1970 ulova pakati pa amuna achikatolika unali woposa kawiri wa anzawo. Maulendo a ziwonetsero zofuna ufulu wofanana anayamba mu 1968, chiwawa chinatsatira, ndipo pofika pa pangano la mtendere la mu 1998 anthu pafupifupi 3,500 anali atafa. Palibe amene ankafera kusiyana kwa ziphunzitso za mipingo. Mpingo unali chizindikiro chodziwira amene ali ndi nyumba, ntchito, voti ndi mbendera.

Dziko la Switzerland likuonetsa mbali zonse ziwiri. Lili ndi zilankhulo zinayi, koma pakati pa olankhula Chijeremani pali madera achikatolika ndi achipulotesitanti, chimodzimodzinso pakati pa olankhula Chifalansa. Malo amodzi amene mkangano unakula ndi Jura, kumene anthu akumpoto anali olankhula Chifalansa komanso Akatolika, koma ali pansi pa chigawo cha Bern cha olankhula Chijeremani ambiri komanso Apulotesitanti. Iwo anapatuka n'kukhala chigawo paokha mu 1979. Anzawo akummwera kwa Jura, olankhula Chifalansa chomwecho koma ambiri Apulotesitanti, anasankha kutsalira ku Bern.

Boma likalemba mtundu wa munthu pa chiphaso

Katswiri wa ku Norway, Fredrik Barth, ananena mu 1969 kuti chimene chimasunga gulu ndi malire ake, osati kuchuluka kwa miyambo imene ili mkati. Anthu awiri akhoza kufanana pa chilichonse, koma ngati pali wina amene akulondera malire pakati pawo, adzakhalabe magulu awiri. Ndipo palibe mlonda wamphamvu kuposa boma.

Ahutu ndi Atutsi a ku Rwanda amalankhula chilankhulo chimodzi, amakhala m'mapiri amodzimodzi, amapemphera m'matchalitchi amodzimodzi. Mayina awiriwa analipo azungu asanabwere, ndipo ankakhudzana ndi ng'ombe komanso kuyandikira kwa munthu ku bwalo la mfumu. Kusalingana kunalipo, ndipo kunakula kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mu ulamuliro wa mfumu Rwabugiri. Komabe banja linkatha kusuntha kuchoka mbali ina kupita ina m'kupita kwa mibadwo. Atsamunda a ku Belgium anabwera ndi chikhulupiriro chakuti awa ndi mitundu iwiri yosiyana magazi, ndipo wina anabadwira kulamula. Anachotsa mafumu achihutu, anatsegulira ana a Atutsi apamwamba sukulu zophunzitsa ntchito za boma, ndipo m'ma 1930 analemba mtundu wa munthu aliyense pa chiphaso. Mwana ankatenga mtundu wa bambo ake. Khomo lotulukira linatsekeka.

Mu 1959 zinthu zinatembenuka. Atutsi ambiri anaphedwa, ena anathawira kumayiko oyandikana nawo, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1962 maboma otsatira sanachotse ziphaso zija. Anangosintha amene ali pamwamba. Mu 1994, m'masiku pafupifupi 100, anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa malinga ndi chiwerengero chimene bungwe la United Nations limatchula, ambiri mwa iwo Atutsi, pamodzi ndi Ahutu amene anakana kupha. Pa zipata zotchinga misewu, opha anthu ankayamba ndi kuitanitsa chiphaso. Ankachifuna chifukwa poyang'ana nkhope yokha nthawi zambiri sakanadziwa.

Ku South Africa ntchito yomweyi inachitika kudzera m'malamulo otsatizana. Lamulo la malo la 1913 linasiyira anthu akuda pafupifupi 7 peresenti ya dziko, yomwe inakwezedwa kufika pa 13 peresenti mu 1936. Lamulo la 1949 linaletsa maukwati a azungu ndi anthu a mitundu ina. Mu 1950 kunabwera lamulo lolemba munthu aliyense m'kaundula wa mtundu, ndi lina logawa malo okhala. Kumene akuluakulu a boma ankakayikira, ankafika polowetsa pensulo m'tsitsi la munthu kuti aone ngati igwa. Zimenezi zikuonetsa kuti mzerewo sunali woonekeratu monga ankanenera, unkafunika kuujambula ndi kuulondera tsiku ndi tsiku. Malamulowo anathetsedwa pofika mu 1991, koma mizinda imene anaimanga ikadali momwemo.

Kusalingana kwa magulu

Pali kusalingana kwa mitundu iwiri. Kwina ndi kwa munthu ndi munthu: m'gulu lililonse muli olemera ndi osauka. Kwina ndi kwa gulu ndi gulu, kumene katswiri wa zachuma wa ku Oxford, Frances Stewart, wakhala akukufufuza: gulu lonse limatsalira pa sukulu, ntchito, misewu ndi maudindo. Kwachiwiriku ndiko kumapsetsa mtima, chifukwa munthu amaona kuti khama lake silingamupulumutse. Mu 2010 Lars-Erik Cederman, Andreas Wimmer ndi Brian Min anapeza kuti magulu amene atsekeredwa kunja kwa ulamuliro ndiwo amakonda kugalukira boma, makamaka amene angochotsedwa kumene pamalo pomwe anali. Ichi chimakhudzanso gulu lomwe lili pamwamba. Mantha otaya chimene uli nacho ali ndi mphamvu yofanana ndi mkwiyo wa amene sanapatsidwepo.

Masamu a mavoti

Ngati mizere ilipo yambiri, ndani amasankha woti uyake moto? Kawirikawiri ndi amene akufuna mpando. Wandale amawerenga kuti ndi mzere uti umene ungamupatse anthu okwanira kupambana. Daniel Posner anaonetsa izi mu 2004 atafunsa Achewa ndi Atumbuka m'midzi yoyandikana ya mbali ziwiri za malire a Zambia ndi Malawi. Kusiyana kwa miyambo kunali kumodzimodzi uku ndi uku. Koma a mbali ya Malawi ndiwo ankaonetsa kukayikirana kwambiri pa nkhani ya ukwati ndi ya voti. Posner anati chifukwa chake ndi kukula kwa magulu: ku Malawi gulu lililonse ndi lalikulu mokwanira kukhala maziko a ndale, pomwe ku Zambia onse awiri ndi ochepa, choncho andale amawasonkhanitsa pamodzi ngati anthu akummawa.

Choopsa chimabwera pamene zipani ziwiri za gulu limodzi ziyamba kupikisana kuti wouma mtima kwambiri ndani. Ku Sri Lanka, S.W.R.D. Bandaranaike anapambana chisankho cha 1956 polonjeza kuti Chisinhala, cholankhulidwa ndi anthu ambiri a dzikolo, ndicho chokha chidzakhale chilankhulo cha boma, zomwe zinatsekereza Atamil ambiri ku ntchito za boma. Mu 1957 anayesa kubweza pang'ono posainirana pangano ndi mtsogoleri wa Atamil, koma chipani chotsutsa chinamuukira kuti akugulitsa dziko, ndipo panganolo linang'ambidwa chaka chotsatira. Mu 1965 chipani chotsutsa chija, chili m'boma, chinasaina pangano lofanana nalo, ndipo chipani cha Bandaranaike chinaliukira ndi mawu omwewo. Mbali zonse zinkadziwa chofunika kuchita, koma iliyonse inkaopa kutchedwa yogulitsa. Nkhondo inabuka mu 1983 n'kutha mu 2009.

Chida chachikulu cha atsogoleri otere ndi mantha. Munthu wamba savomera msanga kuchita chiwembu mnansi wake chifukwa chomuda. Amavomera akauzidwa kuti mnansiyo akukonzeka kumuyamba. Wailesi ya RTLM ku Rwanda, yomwe inayamba kuulutsa mawu mu 1993, inkasakaniza nyimbo zokondedwa ndi uthenga wakuti Atutsi onse ndi mphemvu komanso akazitape a gulu lankhondo lomwe linalowa m'dzikolo kuchokera ku Uganda mu 1990. Ndipo chiwawa chikangoyamba chimadzilimbitsa chokha. Munthu amene dzulo ankati mtundu alibe nawo ntchito amapeza kuti opha anzawo sakumufunsa maganizo ake, ndipo pothawira pokha ndi kwa anthu a dzina lake.

Kutalikirana ndi kukumana

Si kugawikana konse kumene kumakhala ndi mwini wake. Thomas Schelling anaonetsa mu 1971, pogwiritsa ntchito makobiri a mitundu iwiri pa bolodi la timabokosi, kuti ngakhale aliyense atakhala wokonzeka kukhala pakati pa anthu osiyana naye, bola asakhale yekhayekha, kusamuka kwa mmodzimmodzi kumathera pa madera osasakanikirana konse. Palibe amene anafuna zimenezo, koma ndi zimene zimatuluka. Ndipo anthu akasiya kukumana, chilichonse chimene amadziwa za enawo amachimva kwa wachitatu. Ku Belfast makoma olekanitsa madera, omwe anayamba kumangidwa mu 1969, ambiri akadalipo, ndipo ana ochuluka zedi amaphunzirabe m'sukulu za mbali yawo.

Ashutosh Varshney anayerekeza mizinda ya ku India imene imafanana pa kuchuluka kwa Asilamu pakati pa Ahindu, monga Aligarh kumene zipolowe zinkabuka kawirikawiri ndi Calicut kumene kunali bata. Anapeza kuti moni wa pamsewu ndi kuchezerana zimathandiza, koma chimene chimapirira nthawi ya mphekesera ndi mabungwe okhazikika a anthu a mbali zonse, monga a amalonda ndi a ogwira ntchito. Mphekesera ikamveka, pamakhala anthu odziwana oti aimbirane foni n'kuizimitsa isanafike pamsewu.

Gordon Allport ananena kale mu 1954 kuti kukumana kumachepetsa tsankho pokhapokha anthuwo akumane ngati ofanana, ali ndi cholinga chimodzi, akugwirira ntchito limodzi, ndipo akuluakulu akuvomereza. Koma mankhwalawa ali ndi malire ake. Salma Mousa anakonza mpikisano wa mpira kumpoto kwa Iraq, pakati pa Akhristu omwe anathamangitsidwa m'nyumba zawo ndi gulu la ISIS, ndipo m'matimu ena anaikamo osewera achisilamu. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2020, zinaonetsa kuti Akhristu a m'matimu osakanikirana anapitiriza kuchita masewera olimbitsa thupi ndi Asilamu patapita miyezi. Koma khalidwe lawo kwa Asilamu osawadziwa silinasinthe kwenikweni. Anakhulupirira mnzawo wa m'timu, gulu lake lonse ayi.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la kagawidwe ka mphamvu. Arend Lijphart, potengera zimene anaona ku Netherlands, amati magulu avomerezedwe poyera ndipo lililonse lipatsidwe gawo lake m'boma. Njira imeneyi inathandiza kuti mfuti zikhale chete ku Northern Ireland ndi ku Bosnia, kumene nkhondo ya 1992 mpaka 1995 inapha anthu pafupifupi 100,000. Otsutsa amati imaumitsa mizere yomwe imayenera kufufutika. Ku Bosnia mpando wa utsogoleri wa dziko ndi wa anthu atatu a mitundu itatu yokha, ndipo mu 2009 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula kuti lamuloli limasala nzika zina, pa mlandu womwe anakasuma ndi Myuda ndi munthu wa mtundu wa Roma. Ku Lebanon pulezidenti amayenera kukhala Mkhristu wa mpingo wa Maronite, nduna yaikulu Msilamu wa Sunni, sipikala Msilamu wa Shia, ndipo dzikolo silinachitenso kalembera wa boma kuyambira 1932 poopa kuti chiwerengero chatsopano chingasokoneze kagawidweko. Njira ina, imene Donald Horowitz amailimbikitsa, ndi yokakamiza wandale kupempha mavoti kunja kwa gulu lake. Ku Nigeria wopambana upulezidenti amayenera kupeza gawo limodzi mwa magawo anayi a mavoti m'zigawo ziwiri mwa zitatu zilizonse za dzikolo. Komabe mikangano ya madera ndi zipembedzo siinathe kumeneko.

Lachiwiri: mtundu uzitchulidwa kapena ayi? Rwanda wa lero anachotsa mitundu pa ziphaso ndipo amalanga olimbikitsa magawano. Ena amati ndi zimene zasunga mtendere, ena amati lamulolo limatsekanso pakamwa otsutsa boma ndi kukwirira madandaulo. Dziko la France siliwerenga nzika zake potsata mtundu, koma popanda ziwerengero tsankho limavuta kulionetsa. India anasankha njira ina: malamulo oyendetsera dziko a 1950 anathetsa mchitidwe wosala anthu otchedwa osakhudzika ndipo anatsegula njira yosungira magulu otsalira malo m'sukulu, m'ntchito za boma ndi m'nyumba ya malamulo. Mabanja ambiri anakwera, koma gulu la munthu linasanduka chinthu cholimbirana, monga zinaonekera pa ziwonetsero za mu 1990 pamene malo osungidwawo anaonjezedwa. Kodi ungakonze bwanji chilema chimene chinachitika potsata mzere popanda kuulembanso mzerewo?

Lachitatu ndi la intaneti. Ku Myanmar, kumene Arohingya, gulu la anthu omwe ambiri ndi Asilamu, oposa 700,000 anathawira ku Bangladesh kuyambira mu 2017, ofufuza a United Nations ananena kuti Facebook inathandiza kufalitsa chidani, ndipo kampaniyo inavomera mu 2018 kuti sinachite zokwanira. Koma lamulo limene linamana Arohingya unzika ndi la 1982, ndipo za ku Rwanda ndi Bosnia zinachitika masamba a mchezo kulibe. Kafukufuku wina wa mu 2017 ku United States anapeza kuti kudana kwa otsatira zipani kunakula kwambiri pakati pa okalamba, omwe ankagwiritsa ntchito intaneti mochepa kuposa ena. Akatswiri sanagwirizanebe ngati masambawa amayatsa moto kapena amangoupemerera.

Palinso funso lakuti dziko logawikana koma lopanda nkhondo tizilitcha chiyani. Ku Belgium malire a zilankhulo anakhazikitsidwa m'malamulo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, zipani zazikulu zonse zinang'ambika pawiri, china cha olankhula Chidatchi china cha olankhula Chifalansa, ndipo chisankho cha 2010 chitatha dzikolo linakhala masiku 541 popanda boma latsopano. Palibe amene ananyamula mfuti. Ena amaona pamenepa umboni wakuti anthu akhoza kugawikana kwambiri koma n'kumathetsabe nkhani zawo pokambirana. Ena amaona mayiko awiri amene akungodikira tsiku losiyana.